Kuponda Malire ku Masambanjati

Nyumba ya pa esiteti ndi ya mwini tiyi. Izi aliyense amazidziwa, koma umazidziwa bwino mwamuna wako akamwalira. Amuna anga, a Lackson, anali kapitawo wa othyola tiyi, ndipo tinakhala m'malaini, nyumba za antchito, kuyambira ndili ndi mwana woyamba kumsana mpaka imvi zitamera. Maliro atangotha, tisanabweze n'komwe mapoto obwereka, kalaliki wa ku ofesi anafika ndi notisi m'manja. Anapepesa bwino ndithu, mwana woleredwa. Koma pepalalo linkati pakutha pa mwezi wotsatira nyumba ikhale yopanda munthu, chifukwa kapitawo watsopano anali akugona kwa mnzake.

Mwina muti bwanji osabwerera kwanu, poti kuno mkazi ndiye mwini mudzi. Pitani ku Nsabwe mukaone nokha. Malo a mayi anga anagawidwa kwa ana aakazi, iwonso anagawira ana awo, moti lero ukataya madzi otsukira mbale amagwera pakhomo pa mnzako. Chimene ndinali nacho ndi ndalama zimene esiteti inandipatsa pa imfa ya amuna anga. Zinali zongokwanira kamalo ndi njerwa, basi. Zikanati zitayike, ine ndi Kate, chitsirizira changa, ndi tidzukulu tiwiri tikanagona pansi pa bulugamu.

Ma ejenti ogulitsa malo ndinkawaopa kuposa njoka ya m'tiyi. Mnzanga Triza, amene tinathyola naye tiyi mzere umodzi zaka zambiri, anapereka dipoziti kwa mnyamata wina wa tayi ndi mafuta onunkhira. Tsiku lokaona malo ake anakapeza anthu ena awiri akulozerana chulu chomwecho, aliyense ndi risiti yake. Mnyamatayo mpaka lero foni yake imangoti sakupezeka. Ndiye mlonda wa ku fakitale atandiuza kuti ku Masambanjati kuli a Bizwick Namakhwa, ejenti wosadya za eni, ndinamuseka. Ndinati fisi ndi fisi, angakhale atasamba. Koma masiku ankatha, ndipo ndinapita.

Ndinawapeza pakhonde la sitolo ya feteleza, bambo wamfupi wa jekete lamvula lachikasu, akudya nthochi. Pambali pawo panali njinga yamoto yakale, mpando wake womangidwa ndi mphira. Ofesi yawo inali yomweyo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, osandidula, kenako anapukuta mpando wa njingayo ndi dzanja.

"Kwerani, amake Kate. Alipo malo amodzi. Mukaone kaye, zokamba pambuyo."

Malowo anali pamtunda, kuseri kwa msika, ndipo nditatsika njinga ndinangoti kakasi. Kumunsi kunali nthochi ndi mapeyala, pakati nandolo ndi chinangwa, ndipo ukatukula maso unkaona minda ya tiyi itayalana mpaka kumene maso alekezera, phiri la Mulanje litakhala phee kuseri kwake. Moyo wanga wonse tiyi ndinkamuona nditawerama, dengu lili kumsana, sikelo ikundidikira. Sindinkadziwa kuti ukamuonera kumwamba ndi wokongola chotere. Malo onsewo anali otsetsereka kupatula kachigawo kamodzi kosalala, ka udzu waufupi, pafupi ndi tsinde la nthochi. Ndinaima m'mphepete mwake ndipo mumtima ndinamanga kale nyumba, khomo kuyang'ana kuphiri.

Mwini kugulitsa anali a Elijah, mwinimbumba wa banjalo, bambo wamtali wolankhula mothamanga. Ankafuna ndalama msanga. Daisy, mwana wa mchemwali wawo a Leah, anali ku koleji ya zauphunzitsi, ndipo kumeneko anali atamubweza chifukwa cha fizi. A Elijah anati kulinso bwana wina wa ku Limbe amene akuwafuna malowo, ndiye ngati ndili wotsimikiza ndionetse ndi dipoziti, theka la mtengo.

A Bizwick anandifotokozera lamulo lake pamaso pa a Elijah, pang'onopang'ono.

"Mumvetse bwino, amayi. Mukapereka dipoziti, a Elijah sagulitsanso kwa wina. Inu mukabwerera m'mbuyo, ndalamayo ndi yawo, chifukwa abweza ogula ena. Iwo akasintha maganizo, kapena akabisa kanthu, imabwerera kwa inu. Koma ndalamayo imabwera titaponda malire ndi azimayi a pabanjali, ndipo imagona kwa ine."

"Azimayi achite chiyani?" anatero a Elijah. "Mwinimbumba ndine. Pepala ndisaina ndine."

"Kusaina musaina ndinu, achimwene. Koma amene amalima pano ndi iwo."

Azimayiwo anali ku maliro ku Kapichi, ndiye tinapangana za Loweruka. Ine mantha a bwana wa ku Limbe anandigwira. Ndinatulutsa ndalama, n'kuzimanga mu kampango ka amuna anga ndi mfundo ziwiri, n'kuwapatsa a Bizwick. Anazengereza pang'ono, anati sakonda kulandira asanaponde malire, koma ine ndinakakamira, a Elijah nawo anakakamira. Analandira. Nditafika kunyumba Triza anandiyang'ana ngati wodwala, n'kunena kuti, "Chikomekome cha mkuyu, asisi, m'kati muli nyerere."

Loweruka tinakumana pamalopo dzuwa litakwera pang'ono. Panali a Elijah, nduna imene amfumu anatumiza kudzachitira umboni, a Leah, ndi azimayi ena awiri aang'ono a pabanjapo. A Leah anali mayi woonda, wa msinkhu wanga, ndipo popereka moni sanandiyang'ane kumaso. A Bizwick anabwera ndi khasu ndi mtolo wa nkhadze zodzala m'makona. Tinayamba kumunsi kwa nthochi, a Elijah patsogolo akuloza ndi chikwanje, azimayi akuvomera kapena kukonza, "Ayi achimwene, mwalowa kwa anzathu, malire ndi mwala uwo." A Bizwick ankayenda kumbuyo kwa tonse, maso pansi. Ine ndinkaganiza kuti akuopa minga.

Malire anatha bwino popanda mkangano. Nduna inakhala pamthunzi wa peyala n'kutulutsa cholembera. Azimayi ankakwera ndi kutsika, kutunga madzi othirira nkhadze. Ndalama yotsala inali m'chikwama changa, ndipo ndinali nditayamba kale kumasula zipi pamene a Bizwick anandikodola.

"Amake Kate, tabwerani kuno pang'ono."

Tinaima poteropo, pamene ena sakanamva.

"Nyumba mukufuna kumanga pati?"

"Mukufunsanso? Posalala paja. Penanso pali poti n'kumanga?"

"Palibe. N'chifukwa chake ndafunsa." Anakanda kumutu. "Ine ndine mwamuna, zina sindiyenera kuzidziwa, ndipo sindikufunsa. Koma inu ndinu mayi. Musanapereke chilichonse, taimani pano muone mapazi a azimayiwa."

Ndinaima, mtima ukunyansidwa, ndikuti bamboyu wayamba tsopano zake. A Leah ankakwera kuchokera kuchitsime ndi ndowa pamutu. Njira yachidule yopita kukona ya kumtunda inali yodutsa posalala paja. Atafika m'mphepete mwake anakhota, n'kulowa m'chinangwa motsetsereka, ndowa ikutayikira, n'kukatulukira kutsidya. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu ankakoka mbuzi, ndipo mbuziyo itafuna kudya udzu wa pamenepo anaikoka mwamphamvu mpaka inalira. A Elijah okha ndi amene ankadutsapo, uku akuyankhula pa foni.

Kuno ku Thyolo anthu amadzala chimanga mpaka m'mphepete mwa phula, mpaka pakhomo pa chimbudzi. Malo osalala, a dothi lakuda, n'kungokhala udzu? Ndinayenera kudabwa tsiku loyamba lomwe, koma maso anga anali kuphiri. A Elijah anali atanena kuti panali khitchini ya mayi awo ndiye dothi linauma, ndipo iwo ankakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse.

Mwana wobadwa atapita kale, kapena wongolira kamodzi n'kutsogola, timati mtayo. Sakhala ndi maliro. Anthu salira mokuwa, sapala bokosi, amuna sakumba. Azimayi okhaokha amamunyamula, n'kumuika mosazamitsa pamalo amene iwo akudziwa, osaika mtanda kapena mwala, ndipo mwamuna sauzidwa kuti ndi pati. Nanenso ndili naye wanga, kutsidya kwa mtsinje wa ku esiteti, ndipo a Lackson anapita osadziwa malo ake. Ndiye sindinafunikire wondimasulira zimene mapazi aja ankanena.

Ndinawatsatira a Leah kuchitsime. Ndinagwira ndowa yawo ngati ndikuwathandiza kusenza.

"Achemwali, paja pagona ndani?"

Anasiya ndowa n'kukhala pansi pamwala.

"Ana anga," anatero. "Ndi ana a mayi anga. Kale kunali kuseri kwa nyumba." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ndimati ndikuuzani mukagula, musanakumbe maziko. Kenako ndimati mwina simukumba pamenepo. Mwana wanga ali pakhomo, anzake akulemba mayeso. Ndikanatani ine? Chonde, achimwene asamve pagulu. Adzati ndawachititsa manyazi pamaso pa amfumu."

Ndinafuna kuwakalipira. Koma ndinaona kuti ndikanakhala ine ndikanachita zomwezo. Kumanga nyumba pamwamba pa ana a mnzanga sindikanatha, ngakhale atandipatsa malowo ulere. Ndipo kwina konseko kunali kotsetsereka, kofuna ndalama zokumbira zimene ndinalibe. Pokwera kubwerera kumthunzi ndinkadziwa chimene ndikukataya. Lamulo ndinalimva bwino, wobwerera m'mbuyo ndinali ine.

"Malowa sindigula," ndinatero.

Nduna inatseka cholembera. A Elijah anachotsa foni kukhutu.

"Mwati bwanji?"

"Sindigula, bambo. Pepani."

"Chifukwa?"

Ndinayang'ana a Leah, amene anali ataima kumbuyo kwa mchimwene wawo, manja atagwira pachifuwa. Ndinati ndangosintha maganizo.

"Chabwino," anatero a Elijah. "Kusintha maganizo ndi ufulu wanu. Koma bwana wa ku Limbe ndinamubweza chifukwa cha inu, ndipo wagula kwina. A Namakhwa, lamulo munanena nokha. Bweretsani dipoziti."

Nduna inagwedeza mutu, inati pamenepo palibe mlandu, mawu anapanganidwa pamaso pa anthu. Ndipo kunena zoona a Elijah sankalakwa. Sanabise kanthu, chifukwa munthu sabisa chimene sakuchidziwa. Ine ndinangoona mdima. Ndinaona katundu wathu ali panja pa laini, mvula ikugwa, Kate atanyamula mwana. Theka la thukuta la a Lackson linali kupita ine ndikuyang'ana, ndipo pakamwa panga panali pomangidwa.

A Bizwick anatsegula jekete lawo n'kutulutsa kampango kaja. Mfundo zanga ziwiri zinali momwe ndinazimangira. Anaima pakati pathu, kampango kali m'manja.

"A Elijah sanabise kanthu, ndiye dipoziti ndi yawo," anatero. "Amake Kate sanaone zonse asanapereke, ndiye dipoziti ndi yawo. Nonse mukulondola. Wolakwa ndi amene analandira ndalama malire asanapondedwe, ndipo munthuyo ndi ine. Ntchito yanga ndimaidziwa, koma tsiku lija ndinaiphwanya."

Anandipatsa kampangoko m'manja. Kenako anapisa m'thumba la buluku, n'kutulutsa kiyi wa njinga yamoto, n'kuwapatsa a Elijah.

"Njingayo ikhale chikole. Mukapanda kuona ndalama yanu mwezi uno, gulitsani. Ndi yakale, koma injini yake ndi yabwino, ikwana. Daisy abwerere kusukulu."

A Elijah anayang'ana kiyi, anayang'ana ine, ndipo m'malo mokhazikika anapsa mtima koposa.

"Sanaone zonse? Zonse zake ziti? Nenani pano, pamaso pa a nduna. Malo anga ali ndi chiyani?"

"Malo anu ndi abwino, achimwene."

"Ndiye mwamunong'oneza chiyani mayiyu? Ndakuonani. Mwamupezera puloti ina ya komishoni yaikulu, eti? Mwandiyendetsa dzuwa lonseli, mwandithamangitsira wogula, lero mukundipatsa chiphakasa cha njinga kuti nditseke pakamwa. Anthu amati ndinu achilungamo. Wakuba ndinu, ndipo msika wonse umva lero."

Mawu amodzi okha akanawatsuka a Bizwick. Akanangoloza posalala paja n'kunena kuti funsani achemwali anu. Ejenti chuma chake ndi dzina, alibe munda wina, ndipo dzinalo linkang'ambidwa pamaso pa nduna ya amfumu. Ndinawayang'ana pakamwa, ndikudikira. Iwo anangovula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Ndamva, achimwene," anatero. "Pepani chifukwa cha nthawi yanu."

Ndinachita mantha, ndikunena zoona. Osati mantha oopa munthu, koma aja amakugwira ukaona chinthu chachikulu kuposa iwe. Ndakhala pakati pa anthu opemphera moyo wanga wonse, ndamva maulaliki okoma a chilungamo, inenso ndaimba nawo. Koma munthu kulipira ndi njinga yake ndi dzina lake chifukwa cha ana amene sanawaone, a mayi amene si mbale wake, ndi ndalama ya mkazi wamasiye amene anamutcha fisi, ndinali ndisanaonepo. A Leah anali atatembenukira kunthochi, mapewa akugwedezeka.

A Bizwick anatola khasu lawo n'kutsika wapansi kulowera kumsika. Ndinawathamangira ndi kampango kaja, ndinati tigawane, tengani ngakhale pang'ono. Anakana. Anati ndalamayo ili ndi ntchito yake, ndiisunge pouma, ndipo ndisapereke kwa munthu aliyense, ngakhale kwa iwo, ndisanaone azimayi a pamalopo akuyenda.

A Elijah anachitadi zimene ananena. Sabata yomweyo ku Masambanjati kunali nkhani yakuti a Namakhwa ayamba ukathyali, ndipo ndinamva kuti anthu awiri anakachotsa malo awo m'manja mwa a Bizwick. Nditamva ndinapsa mtima mpaka ndinafuna kukaima pamsika n'kuulula zonse. Kate ndiye anandigwira, anati, "Amayi, eni ake asunga pakamwa, inu ndinu ndani?" Njinga inagulitsidwa, Daisy anabwerera kukoleji. Pambuyo pake ndinamva kuti a Leah analankhula ndi alamu awo, akazi a a Elijah, ndipo malowo sanatsatsidwenso. Zimene anakambirana m'nyumba sindikuzidziwa, ndipo a Elijah sanapite kukapepesa kwa munthu.

Kutatsala masiku ochepa kuti notisi ikwane, makatoni ali kale pakhonde, ndinaona jekete lachikasu likubwera m'kanjira ka pakati pa tiyi. Anali wapansi, nsapato zitafiira ndi matope mpaka m'maondo a buluku. Minibasi anakwera theka la njira, kwinako anayenda.

"Amake Kate, kwapezeka kamalo ku Kapichi. Si kokongola ngati kuja, phiri simuliona. Koma ndi posalala, ndipo pali kanyumba ka udzu koti mungayambire. Azimayi ake ndawauza atidikire mawa."

Tinapita. Kunali dothi lofiira, mtengo umodzi wa mango ndi chitsime chapafupi. Azimayi a pamalopo anayenda ponseponse, kudutsa pakati, kubwerera, mwana wina mpaka anagona pansi n'kumagubuduka. Ine maso anga anali pa mapazi awo, ndipo nditacheuka ndinapeza a Bizwick nawonso akuyang'ana pomwepo. Ndinalipira tsiku lomwelo pamaso pa mboni, ndipo lole ya esiteti inatitula kumeneko notisi isanakwane.

Pobwerera kukakwera minibasi tsiku logulalo tinayenda awiri, iwo patsogolo ine pambuyo. Funso linali likundidya kuyambira Loweruka lija, ndipo ndinalephera kulisunga.

"Achimwene, mundikhululukire. Zija amuna sazidziwa. A Elijah anabadwira pamalo paja, adutsapo moyo wawo wonse, sanaone kanthu. Inu munadziwa bwanji?"

Anavula chipewa chawo. Kenako anaima, n'kuthyola kaudzu m'mphepete mwa njira.

"Kwathu, kuseri kwa khola, pali pamene akazi anga saponda," anatero. "Chaka chimene anayamba kupazungulira ndikuchikumbuka. Ndinali ku Limbe kuganyu, ndinabwera n'kupeza mimba palibe, mwana palibe." Anataya kaudzu kaja. "Sindinawafunsepo. Ndimangozungulira nanenso."

Minibasi inali ikuimba hutala kumsewu. Anavala chipewa chawo, ndipo tinapitiriza kuyenda.